A Makina Akana Kuvomera

Wonena kuti a Makina ndi mbuli, ameneyo pa Migowi sanafikepo. Zaka khumi ndi zisanu bamboyu anali mesenjala, kuzungulira ndi makalata mpaka ku Mkhumba. Chizungu chawo n'chotsimphina, inde, koma chidindo chabodza amachinunkhiza chikadali m'envulopu. Mu 2008, a Makina atapuma ntchito, wamalonda wina anawasiyira kashopu ka makompyuta atatu kuti aziyang'anira.

Nthawi imeneyo lamulo pa Migowi linali limodzi: kompyuta ikafunsa kanthu, vomera. Akalaliki ndiwo anafalitsa zimenezi, ati ukakana imapsa.

Tsiku lina kunabwera mayi Rozaria, mphunzitsi wochokera ku Ntchisi. Ankafunsira ntchito kwina mwakachetechete, ahedi awo asamve, ndipo tsiku lotsekera linali lomwelo. Asanalembe pasiwedi ya imelo, chenjezo linatulukira pakompyutapo.

"Vomerani, bambo, nthawi yatha."

"Dikirani, amadamu. Tione kaye wadinda ndani."

Anatsegula satifiketi ya tsambalo, chikalata chotsimikiza kuti tsamba ndi lenileni. Anawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Kampani ya imeloyo ndi ya ku Amereka, yakalekale, koma satifiketi yatuluka dzulo. Woisaina: Wyson.

Wyson uyu anali wolumikiza intaneti, wa chipinda chakuseri, komanso mlamu wawo wa ahedi aja. Munthu wopanda manyazi. Anali atapatutsa chingwe kuti kalata iliyonse izidzera pa kompyuta yake, awerenge kaye, kenako aipititse.

A Makina anazula chingwecho, kuchikulunga padzanja, ulendo wakuseri.

"Iwe Wyson, unasamukira liti ku Amereka?"

"Ndimangoyesa liwiro la intaneti, madala."

"Yesa lako tione."

Wyson anatulukira pawindo, nsapato imodzi n'kutsalira mkati.

A Makina atabwerako, mtima uli m'malo, anapeza mayi Rozaria atagwira m'chiuno.

"Ndiye mwazula intaneti yonse. Kalata yanga ipita wapansi?"

A Makina anakanda m'mutu. Zimenezo sanaziganize. Anakiya shopu, naimitsa akabaza awiri, mpaka pa Boma pomwe panali shopu ina. Kumeneko anakankha mwini wake pampando, kuwerenga satifiketi mzere ndi mzere, mwini wakeyo akung'ung'udza.

"Iyi ndi yeniyeni. Lembani, amadamu."

Kalata inapita dzuwa litapendeka. Ahedi anadzamva nkhaniyi teremu yotsatira, matilesi a mayi Rozaria ali kale pamwamba pa minibasi.