Kutsika ku Chambe Ndili ndi Uthenga wa Mlongo Wanga

Foni inalira m'mawa tikumwa tiyi pa kanyumba ka alendo ku Chambe. Anali mlongo wanga Esinati, ku Limbuli.

"Achimwene, ababa sakupeza bwino pang'ono. Koma musadandaule, malizani kaye ntchito."

Kwathu mawu akuti "pang'ono" sindiwakhulupirira. Tiyi uja anandikanika.

Ndimaperekeza alendo m'phiri, ndipo ulendo umenewu ndinali ndi Mayi Han a ku Korea, amene ankaphunzira Chingerezi pa foni, liwu limodzi tsiku lililonse. Tsikulo liwu lake linali "downplay". Anandifunsa tanthauzo lake. Ndinawauza kuti ndi kuchepetsa nkhani yaikulu polankhula, kuti iwoneke ngati yaing'ono.

Anandiyang'anitsitsa. "Nanga foni ija?"

"Kavuto kakang'ono kunyumba."

"Ndiye liwu langa lomweli mukuchitali," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Kwathunso timatero. Tiyeni titsike."

Tinkayenera kugonanso m'phirimo, koma iwo anali atamanga kale chikwama.

Njira yotsikira ku Likhubula ndi yamiyala, ndipo mame anali asanaume. Anthu osenza matabwa ankatipitirira akuthamanga opanda nsapato. Miyendo yanga inkafuna kuwatsatira. Ndikacheuka n'kufunsa ngati tipume, Mayi Han ankangoti, "Ndili bwino." Esinati sankayankhanso foni.

Tinafika ku Likhubula dzuwa lili pamutu. Mayi aja atavula nsapato, sokosi inali itamatirira ku chidendene ndi magazi. Iwo anaseka, n'kundikankhira kumsewu. Ndinawasiya m'manja mwa mnzanga wina woperekeza alendo.

Njinga yamoto inandisiya pa Chitakale. Kondakitala wa minibasi anati, "Tikunyamuka pompano, bwana," m'katimo muli amayi awiri ndi thumba la chinangwa. Ndinagula nthochi, koma zinangofewera m'manja. Titanyamuka, minda ya tiyi sinkatha. Galimoto ikaima kuti munthu atsike, ndinkachita kuluma mlomo.

Pa Limbuli ndinakwera kabaza. Ndikuyandikira kwathu ndinatchera khutu, kuopa kumva nyimbo za amayi a mvano. Kunali zii.

Ababa anali gone pamphasa pakhonde, kamwa itapindikira mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende. Esinati anati ababawo anagwa dzulo lake ku dimba.

"Wabwereranji?" anatero ababa movutikira. "N'kutopa chabe."

Sindinatsutsane nawo. Ndinathamanga kukafuna galimoto, ndipo madzulo omwewo anawagoneka m'chipatala.

Pano amayenda ndi ndodo, koma dzanja lija silinabwerere. Namwino anati tikanabwera nawo tsiku lomwe anagwa, mwina zikanasiyana. Esinati sindimuimba mlandu, ankafuna kundisungira mtima ndi ntchito yomwe. Ndinangomupempha kuti tsiku lina zikadzavuta, adzandiuze mmene zilili, mantha ndidzathana nawo ndekha m'njira.