Nambala Ziro

A Shemweta ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinganame nditati ndinkawadziwa. Ndinkadziwa makiyi awo. Ankawamangirira palamba ndi chingwe cha nsapato, ndipo akamabwera m'khonde la dipatimenti yathu ku Dar es Salaam, unkayamba wamva makiyiwo, eniake pambuyo.

Iwo ndiwo ankasamala chipinda choyesera, momwe munali makompyuta makumi awiri ndi fani imodzi yolira ngati chigayo. Anatsika kumapiri a Lushoto ali mnyamata, nayamba ntchito yosesa pa yunivesite, n'kuphunzira za mawaya pongoonerera amisiri. Sukulu sanapite nayo patali, koma kompyuta ikakana kuyaka, ife a madigiri tinkangoima pambali manja m'thumba kudikira Mzee, paja ndi mmene tinkawaitanira a Shemweta, kutanthauza mkulu m'Chiswahili. Ankakonda tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa chokazinga chothira tsabola, ndipo sankalola munthu kulowa ndi chakudya m'chipinda chawo. Pakhoma anamatapo mapepala olemba okha pamanja, onse m'zilembo zikuluzikulu: OSADYERA MUNO. ZIMITSANI MUKATHA.

Ine ndimaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba za mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito, mmene umakumbukirira ndi mmene umaiwalira. Sabata yachitatu timawakhazika pa makompyuta. Mawu makumi awiri amaoneka limodzilimodzi, kenaka aliyense amalemba amene wakumbukira. Zikatero timawaphunzitsa kulemba kapulogalamu kotsanzira mutu wa munthu, koiwala monga aiwalira munthu, n'kuona ngati mzere wa kapulogalamuko ukugwirizana ndi wa anthu enieni. Maina sitilemba, aliyense ndi nambala. Lamulo limeneli timalinyadira kwambiri, timati limateteza anthu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mutu wa a Shemweta unali utayamba kutaya zinthu. Zinawatsalira zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kudzatuluka pageti ndi ulemu wawo, popanda wowaloza chala kuti mdala uja wasokonekera. Chilichonse ankachilemba m'kabuku ka m'thumba la malaya. Ine katswiri wa za kuiwala ndinkakaona kabukuko tsiku ndi tsiku, n'kumati koma mdalayu ndi wadongosolo.

Chaka chimenecho anali atangondikweza pantchito, ndiye ndinafuna kudzionetsa. Ndinati ana anga asaphunzirire zotsatira za chaka chimodzi, ndiwapatse za zaka khumi zonse. Ndinakopera zonse osayang'anamo. Tsono pantchito yathuyi pali mwambo: makina asanaperekedwe kwa ophunzira, munthu mmodzi amakhala pansi n'kuchita mayeso onse, kuti tione ngati zinthu zikuyenda. Ameneyo timamulemba nambala ziro, ndipo zotsatira zake zimayenera kufufutidwa. Koma a Shemweta sankataya kanthu, ngakhale waya wopsa. Za ziro ndinkazidziwa bwino. Kungoti zaka zonsezo sindinafunsepo kuti pampandopo amakhalapo ndani.

Tsiku loonetsa ntchito m'chipinda choyesera muja, mtsikana wina wochenjera wa mpando wakutsogolo, Tumsifu Lyimo, anakweza mkono.

"Dokta, pali munthu akundikhotetsera mzere. Nambala ziro. Chaka chino wakumbukira mawu atatu okha."

"Atatu? Mwa makumi awiri?" ndinatero ine. "Ameneyo mutu anausiya mu daladala, m'minibasi muja. Kapena anadzera kumowa."

Kalasi inafa nacho chiseko, ine n'kukomedwa.

"Mwaonatu ana inu, anthu otere timawachotsa. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Mtaye, Tumsifu."

"Sindinamtaye, Dokta. Ziroyu alipo chaka chilichonse, ndipo ndi munthu mmodzi yemweyo. Amalemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Ndamupangira kapulogalamu kakekake."

"Eee, wamkulu iwe! Mzee, tatiikirani ntchito ya mtsikanayu pakhomapo tione."

A Shemweta anali kumbuyo, pa makina oonetsera zithunzi, malo awo a masiku onse. Anaika okha ndi manja awo. Mzere unayambira pamwamba, pa mawu khumi ndi anayi, n'kukhala pomwepo zaka zingapo. Kenaka unayamba kutsetsereka: khumi ndi limodzi, asanu ndi anayi, asanu, atatu.

"Kapulogalamu kanga kakuti chaka chamawa sadzakumbukira ngakhale limodzi," anatero Tumsifu.

Mnyamata wina wakumbuyo anaponya lake. "Ameneyo amumangirire dzina pakhosi ngati mbuzi ya pamsika, apo ayi asochera!"

Ine ndinaomba m'manja. Ndinati imeneyi ndiye ntchito, ena nonse tengerani chitsanzo. Ndikulankhula choncho, ndinaona mtsikana wina akuyang'ana pepala la pakhoma lija loletsa kudyera muno. Anayang'ana pepalalo, nayang'ana mayankho a ziro amene Tumsifu anaika pansi pa mzere, kenaka anatembenuka. Mnzake anatembenukanso. Mitu inatembenuka mzere ndi mzere mpaka m'chipinda monse munangotsala phokoso la fani.

A Shemweta anaimirira, nakonza kolala ya malaya.

"Mwana wanga, usagwetse nkhope," anauza Tumsifu. "Wawerenga bwino. Ntchito yako ndi yaukhondo." Atatero anayang'ana ine. "Dokta, ndizimitse, kapena mukadaonetsabe?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinati zimitsani.

Munthu wamzeru akanawatsatira tsiku lomwelo. Ine ndinati ndidikire mtima wawo utsike, ndipita mawa. Mawa lake ndinati ndipita Lolemba. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ophunzira makumi asanu ndi limodzi sasunga chinsinsi, sabata isanathe nkhani inali itafika kwa mkulu wa dipatimenti. Anawaitana mwaulemu, nawatumiza kwa dokotala mwaulemu, ndipo mwezi usanathe anawapumitsa mwaulemu womwewo. Panalibe phwando lotsanzikana, paja ankati lidzachitika zinthu zikakhazikika. Tsiku limene anabwera kudzasiya makiyi, ndinawamva m'khonde. Ndinatseka chitseko cha ofesi yanga n'kukhala chete ngati mulibe munthu. Anagogoda kawiri. Zimenezi ndinazibisa, sindinauze ngakhale mkazi wanga.

Panapita chaka ndi theka ndisanakwere basi ya ku Lushoto. Ndinanyamula shuga, masamba a tiyi ndi jekete, poti kumapiriko kumazizira. Mwana wawo wamkazi, Mwanaidi, ndiye anandilandira. Nditatchula dzina langa anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndinu Dokta uja? Lowani. Koma musawafunse mafunso, amatopa nawo."

Ndinawapeza pakhonde, atakhala pampando wa nsungwi, atavala malaya oyera ositidwa bwino ngati akupita kuntchito. Anali ataonda. Ndinawapatsa moni wa akulu, iwo nayankha bwinobwino, nandilozera mpando wina. Sindinakhale pampandopo, ndinakhala pansi. Ndinafotokoza zonse osasiyako kanthu: za ziro, za nthabwala ya daladala, za kuomba m'manja, mpaka za chitseko chimene sindinatsegule. 

Anamvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu pamalo oyenera. Nditatha anapuma mozama.

"Iii, bambo, pamenepo munalakwa ndithu. Munthu wamkulu kumuseka pamaso pa ana? Ndiye anagogoda inu muli momwemo?"

"Ndinali momwemo, Mzee."

"Ayi, si bwino." Anandigwira paphewa, dzanja lawo lopepuka. "Koma mukuoneka munthu wabwino inu, nkhaniyi yakudyani. Nanga mwapita kukamupepesa munthuyo?"

Mwanaidi, amene anaima pakhomo ndi thireyi ya tiyi, anabwerera nayo m'nyumba.

"Sindinapite," ndinatero.

"Pitani msanga, bambo. Musachedwe nazo zimenezi. Mwina mpaka lero akukudikirani."

Ndinati ndipita.