Udzu pamsana pa amuna anga

Amuna anga anayendetsa basi moyo wawo wonse. Ankachoka ine ndisanasese pakhomo, n'kubwera madzulo msana utauma, pakamwa patatsekeka. Ukawafunsa za ulendo, yankho linali limodzi: tayenda bwino. Ndinazolowera, ndinkangoti ndi mmene Mulungu anawalengera.

Atapuma pantchito, mimba imene inkatsamira chiwongolero ija inasowa potsamira. Mapazi anayamba kutupa, ndipo adokotala anawauza mosapsatira kuti akapitiriza kukhala pampando tsiku lonse, matenda a kuthamanga kwa magazi awatenga. Mwana wathu wamkulu anafuna kuwalembetsa kumalo konyamulira zitsulo, iwo anakana. Anati sangalipire kuti atuluke thukuta, pomwe thukuta ndi laulere. M'malo mwake anayamba kulawirira kubwalo la mpira kuseri kwa sukulu, kumene achikulire anzawo amakumana.

Poyamba ndinakondwera. Koma munthu uja anasintha. Ankabwera akuimba mluzu, n'kumaseka okha m'bafa. Ine amene ndawaberekera ana, ndinali ndisanawamvepo akuseka okha. Kenako pochapa ndinayamba kupeza udzu kumsana kwa malaya awo. Munthu wothamanga amadetsa nsapato, nanga udzu umafika bwanji pamsana? Sindibisa, nsanje inandigwira.

M'mawa wina ndinawalondola, n'kukaima kuseri kwa mpanda wa sukulu ngati wakuba. Ndinaona agogo ena akulendewera pa chitsulo cha golo, ena akukwera ndi kutsika masitepe a m'mbali mwa bwalo, ena akuzungulira bwalolo mwakachetechete. Atatha izo anagawana awiriawiri. Wina amagona chagada atapinda mawondo, mnzake n'kugwada, kumugwira m'akakolo kuti mapazi asanyamuke, ndiye wogonayo amadzuka n'kugonanso. Udzu uja unkachokera pamenepo.

Amene ankagwira amuna anga anali mayi wina wamtali, wamasiye, amene onse amangowatchula kuti Aphunzitsi. Manja awo pa akakolo a amuna anga ndikanapirira. Chimene chinandibaya n'chakuti amuna angawo ankakamba nkhani. Akadzuka, amaponya mawu angapo, akagona amapuma, akadzukanso amapitiriza. Ankasimba za mayi wina amene anakwera basi yawo atabereka mbuzi kumsana, atayifunditsa bwinobwino ngati khanda, kuopa kuti aikaniza. Aphunzitsi ankaseka mpaka kutaya miyendo imene anagwira ija, amuna anga n'kugwa chagada, nawonso akuseka. Zaka zonsezi ine ndinkadyetsedwa "tayenda bwino", kumeneku anthu akudya nkhani zonona.

Sindinadikire kuti mbuziyo ilire. Ndinazungulira mpanda, n'kukaima pambali pawo.

"Zikomo, Aphunzitsi, mwathandiza," ndinatero. "Miyendo iyi ili ndi mwini wake."

Mayiwo sanakwiye, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, kundilonjera mwaulemu, n'kupita kukagwira agogo ena amene analibe mnzawo. Ine ndinagwada pa udzu wonyowa ndi diresi langa la kutchalitchi, n'kugwira akakolo aja zolimba. Amuna anga anadzuka, anagona, anadzukanso, maso ali pamwamba pa mutu wanga. Nkhani ya mbuzi ija inadukira pomwepo.

Kuyambira tsikulo ndimapita nawo m'mawa uliwonse. Mawondo anga achita zikang'a, ndipo mapazi awo anaphwa, mimba ikubwerera m'malo mwake. Adokotala akuti tipitirize. Malo anga palibe amene amawalanda. Koma pamene ife tili zii, tsidya lina la bwalo kumamveka phwete la Aphunzitsi, ndipo ndimaona khutu la amuna anga likutembenukira komweko.

Tsiku lina pobwerera kunyumba ndinalephera kupirira. Ndinameza manyazi n'kufunsa ngati zosafuna.

"Abambo, nanga mbuzi ija inathera pati?"

Anapukuta thukuta ndi malaya, n'kuganiza pang'ono.

"Aa, ndi nkhani yakale ija, amayi. Mukawafunse Aphunzitsi, masiku ano amaikamba bwino kuposa ine."

Mawa lake ndinagwadanso pa udzu paja, ndipo akakolo aja ndinawafinya dala mpaka zala zanga zinasiya zizindikiro.