Sumu za adada mu hadidiski

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene anthu anasiya kubenetsa nyimbo pa zimbale. Ndinali ndi kashopu kuseri kwa msika pa Chitipa Boma: kompyuta imodzi, sipika ndi benchi ya makasitomala. Mafoni atachuluka, pabenchi paja panayamba kugona nkhuku. Ndinamangirira kompyutayo pa njinga yamoto mpaka kwathu ku Wenya, n'kuiika pakona m'nyumba ya amama. Mkazi wanga Tamala ndinamuuza kuti ndikakhala chaka chimodzi chokha. Mwana wathu Lusungu anali akukwawa.

Adada sanandiletse. Anangoti, "Luta makora, uyende bwino. Sumu zanga zija usataye." Ankanena za tsiku lina atabwera ku Boma kudzagulitsa nyemba, mvula n'kuwatsekereza m'shopu mwanga. Ndinawaikira maikolofoni, iwo n'kuimba nyimbo za kutchalitchi mpaka mvula inakata. Mawu awo sanajambulidweponso kwina kulikonse, ndipo anatsala mu hadidiski ya kompyuta ija, kabokosi kachitsulo kamene kamasunga zonse.

Ku Joni ndinkasenza makatoni m'sitolo ya golosale. Tinkagona anthu angapo m'chipinda chimodzi, aliyense ndi foni yake, nkhope kukhoma. Ndinkasungulumwa, kenaka ndinazolowera. Walira mvula walira matope. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, koma kuimbirana kunali kovuta, poti kwathu netiweki amakaisaka pachulu kuseri kwa sukulu. Choncho tinkangolemberana. "Ndatumiza." "Zafika, yewo." Chaka chimodzi chija chinabereka zinzake. Maliro a adada ndinawaonera pa zithunzi, chifukwa mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka sindikanalowanso.

Chaka chatha Tamala analemba kuti akumanga chiliza, ndipo amama akufuna kuti pa tsikulo anthu adzamve mawu a adada. Ndinadziwa kuti kompyutayo siingayakenso. Pankafunika adaputa, chipangizo cholumikizira hadidiski yakale ku laputopu yanga. Ndinamuuza Tamala kuti aijambule kuti ndidziwe mtundu wogula. Chithunzi chinabwera chooneka bwino kwambiri: kompyuta yafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Sindinamuvutitsenso. Ndinagula kawaya kopyapyala kamene aliyense amagula, n'kukwera basi.

Nditafika, Lusungu anandigwadira monga amachitira kwa alendo, n'kulandira chikwama. Anali atafika kale m'mapewa mwa amayi ake. Mawa lake ndinamasula kompyuta ija, ndipo m'kati munali chisa cha makoswe ndi makoko a mtedza. Hadidiski sanaikhudze, koma inali ya mtundu wakale, yokhuthala, ya timano tambiri m'mizere iwiri. Kawaya kanga ka ku Joni kanalibe polowa.

Ndinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo ku Boma, kwa mayi wina wa ku Kasungu amene amapikula zamagetsi ku Tunduma. Anaitembenuza m'manja, n'kuika ma adaputa awiri pa kauntala.

"Iyi ndi yotchipa, bei poa monga amanenera anzathu a ku Tunduma aja," anatero mayiwo. "Koma imadalira moto wa laputopu basi. Chinthu chanuchi n'chachikulu, chizingoyamba n'kuima, mapeto ake chifa. Inayi ili ndi chaja chakechake."

"Nanga dzino lapakati likusowa pa hadidiskiyi? Lathyoka?" ndinafunsa.

"Zimabadwa choncho, achimwene, kuti musalowetse chozondoka. Koma ndikuuzeni, yagona kalekale. Mwina idzuka kamodzi kokha. Ikadzuka tengani msanga chimene mwadzera, mafilimu asiyeni."

Yachaja ija mtengo wake unali wa nkhuku zimene ndinalonjeza za pachiliza. Ndinaganiza kuti nkhuku zimapezeka tsiku lililonse, ndipo ndinatenga yodulayo.

Ndinalumikizira m'shopu momwemo, poti kwathu kulibe magetsi. Ndinaika khutu pafupi ndi hadidiski ija. Inalira ngati chigayo chakutali, inagogoda, kenaka inakhazikika. Ndinapeza sumu za adada n'kuzikopera ku laputopu. Nditayamba kukopera zithunzi za ukwati wathu, inagogodanso n'kukhala chete. Siinadzukenso.

Pa tsiku la chiliza tinabwereka sipika ndi batire ku tchalitchi. Kunayamba kumveka mvula pamalata, kenaka adada. Amama anangoti, "Mbenawo, ndi iwowo," n'kuyang'ana pansi. Lusungu ankaimba nawo chapansipansi, ndipo ankadziwa ngakhale pamene agogo ake amakokera mpweya. Anakulira pamiyendo pawo. Ine ndinavutika ndi mawaya kuti ndiwabweretsere munthu amene iwo anali asanamutaye.

Pakati pa sumu yachiwiri adada anaiwala mawu n'kukalipa kuti, "Zimya chinthu ichi!" Pomwepo m'sipika munamveka munthu wina akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, uku akuti, "Imbani adada, imbani!" Anthu nawonso anaseka.

Lusungu anakoka chitenje cha amayi ake. "Amama, agogo ndawadziwa. Nanga akusekayo ndani?"

Tamala anandiloza ndi chibwano. Mwanayo anandiyang'ana kwanthawi, kuyambira nsapato za ku Joni mpaka kumaso. Kenaka anatembenukira kwa amene ankagwira sipika, n'kumupempha kuti abwezere pamenepo.