Ketulo Yopanda Chivindikiro

Pamsewu wathu palibe amene sawadziwa Mayi a Zipi, telala wa pakhonde la sitolo ya penti. Dzinali analipata chifukwa pakamwa pawo sipatsekeka, ngati zipi yoguluka mano. Makina awo ndi akale, opalasa ndi phazi, ndipo pambali pake pamakhala kawailesi komangidwa ndi mphira. Amuna awo ndi wometa, bambo wofatsa ngati thaulo lonyowa. Chikwatirane, bamboyu amatukwanidwa m'mawa ndi madzulo, koma akungonenepa nazo.

Lachitatu lililonse pakhondepo pamadzaza anthu omvera pawailesipo sewero la mlakatuli ndi mkazi wake wolongolola. Ena amabwera ndi buluku losang'ambika n'komwe, bola apeze pokhala. Sewero likatha, mkangano umayamba.

"Mkazi ameneyu ndi njoka," amatero wa njinga. "Munthu angalembe bwanji ndakatulo pali phokoso lotere?"

"Ndakatulo amadya, achimwene?" amayankha mayi wogulitsa nthochi. "Nanga wa manja ofewa amene akumulembera uja ndani? Mkazi wake manja ndi ochapira!"

Mayi a Zipi ankaseka nawo mpaka tsiku lomwe mkazi wa m'sewero anakuwa kuti: "Mutu ngati ketulo yopanda chivindikiro, nzeru zonse zinatuluka ndi nthunzi!" Khonde lonse linagwa ndi phwete. Makina okha anaima. Chipongwe chimenecho chinali chawo, chosoka okha, ndipo ankachinenera kuchipinda kokha.

Anayamba kukayikira aliyense. Mlamu wawo wogona pabalaza anamusamutsira kukhitchini. Mkazi wa landilodi, amene amakonda kusesa pansi pa mawindo a eni ake, anasiya kumupatsa moni. Kenako anatchera msampha: anapeka chipongwe chatsopano, n'kuwanong'oneza amuna awo m'khutu, mutu uli m'bulangete. Sipanathe mwezi, wailesi inalavula chomwecho: "Ndevu ngati burashi yotsukira kuchimbudzi!"

Anasiya diresi la mwini likulendewera pa singano, ulendo kometera.

"Inu bambo, wailesi imagona nafe m'bulangete?"

Wometa anaulula lezala ili m'manja. Wolemba seweroli ndi kasitomala wake, ndipo pometa munthu sungangoti duu.

"Ndimangokunyadirani, mayi. Amati muli ndi luso."

"Luso! Chabwino. Ngati mawu a mkaziyo ndi anga, a mlakatuliyo ndi a ndani? Amene akuti watopa ndi banja ndani? Wa manja ofewa ndani?"

"Zimenezo amapeka yekha."

"Zanga amatola, zanu amapeka? Mwandiona ngati mwana?"

Madzulo ake Mayi a Zipi analongedza chikwama, n'kuchiimika kuseri kwa chitseko. Analengeza pakhonde, anthu onse akumva, kuti mlakatuli akangopita kwa wa manja ofewa, iwonso akwera basi ya kwawo. Kutukwana anasiya. Wometa anayamba kuonda.

Tsiku la chigamulo, ngakhale mwini sitolo anatseka n'kudzakhala pa chitini cha penti. M'sewero, mlakatuli anafika pachipata cha mkazi winayo, anaima, kenako anabwerera. Atalowa m'nyumba anauza mkazi wake kuti: "Nditukwane, mayi. Kunja kuli anthu aulemu okhaokha, ndikusowa tulo."

Wa njinga anapukuta m'maso, ati fumbi. Wa nthochi ndiye sanagwe nazo.

"Asisi, musathamangire kusangalala. Masabata apitawa wolemba uja ndinkamuona pampando wa amuna anu pafupifupi tsiku lililonse. Munthu wa dazi amameta chiyani kawirikawiri chonchi?"

Mayi a Zipi anadula ulusi ndi mano. Kaya mawu aja anachokera mumtima mwa bamboyo, kaya anachita kuitanitsa ngati suti ya ukwati kuti mkazi asachoke, palibe angawauze. Madzulo anamasula chikwama, zovala n'kubwezera m'kabati. Koma mlamu uja akuti nsapato zawo zoyendera ulendo anazisiya m'chikwamamo, ndipo Lachitatu likafika wometa amatseka msanga, chifukwa analamulidwa kuti sewerolo azimvera atakhala moyang'anana ndi makina, pomwe nkhope yake ikuoneka bwino.