Mbuzi ya m'filimu anaiphera pa shopu ku Limbe

Pali shopu ina kuseri kwa depoti ya minibasi ku Limbe, yoika mafilimu pa fulashi. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Shopu imeneyo yachititsa bambo anga kuyamba kukayikira mutu wawo, ndipo ndikufuna wina andiyankhe.

Bambo anga anali kalaliki ku njanji. Matenda a shuga anawatha maso, pano amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Chaka chino ayambanso kuiwalaiwala. Lero aiwala kuti amwa kale mankhwala, mawa aiwala dzina la mdzukulu. Iwo akudziwa kuti akuiwala, ndipo zikuwaopsa kwambiri.

Chimene sanaiwale ndi buku lina lachingelezi lanthabwala limene anawerenga ali mnyamata. Ndi nkhani ya mfumu yadazi imene inalamula wamatsenga wa kunyumba yachifumu kuti ayimeretse tsitsi. Wamatsengayo analakwitsa mankhwala, mfumu inasanduka mbuzi. Nduna zinaona kuti dziko likuyenda bwino mbuziyo ili pampando, chifukwa lamulo lililonse loipa imangodya pepala lake. Ndiye zinayamba kumutchinga wamatsenga uja kuti asakonze cholakwa chake. Kumapeto mfumu inabwerera kukhala munthu, koma anthu anachita zionetsero kufuna mbuzi yawo. Bambo amafotokoza nkhaniyi mutu ndi mutu, akuseka mpaka kutsokomola. Akamaliza amati, "Waona? Mutuwu ukugwirabe."

Nditamva kuti bukulo analipangira filimu ya pa TV ya magawo asanu ndi limodzi, ndinawalonjeza kuti ndikawapezera.

Loweruka cha m'ma 10 koloko ndinafika pa shopupo. Mwini wake, bambo wina wovala jezi ya mpira, anali akudya chinangwa chokazinga. Ndinamuuza dzina la filimu. Ndinanena kawiri kuti ndikufuna ya Chingelezi, momwe anaipangira eni ake, magawo onse, chifukwa bambo anga amene ndikuwagulira saona, amangomva. Anayankha kukamwa kuli kodzaza kuti ndisadandaule, iwo ndi akatswiri, ndibwere 2 koloko. Ndinasiya fulashi yanga ndi K2,000.

Ndinabwera 2 koloko. Anandipatsa fulashi. Ndinati tiyese kaye pa kompyuta. Anati sipika yafa, koma zonse zili bhobho. Ine kupusa, ndinakhulupirira.

Kunyumba ku Chigumula ndinapeza bambo atasamba, atavala jekete ngati akupita ku tchalitchi, atakokera mpando pafupi ndi TV. Ndinalowetsa fulashi ija. Mawu oyamba amene anatuluka anali akuti:

"Eeeeeya! Mukumva Komanda, mfumu ya omasulira, kuchokera ku Limbe kuno! Gwirani mipando!"

Chingelezi chinalipo ndithu. Chinkamveka kutali ngati udzudzu. Pamwamba pake panali Komanda.

Mfumu anaipatsa dzina loti Che Dazi. Wamatsenga anangoti ndi wa satanic. Nduna zikayamba kukambirana, pamene bambo anga amati ndi pamene pali nthabwala zenizeni, Komanda ankati, "Apa akungolongolola, tiyeni tidumphe," filimu n'kudumphadi. Pakapita mphindi zochepa ankatikumbutsa kuti pa shopu pawo amakonzanso mafoni ogwera m'madzi. Magawo asanu ndi limodzi anatha m'mphindi makumi asanu. Kumapeto tinamva ng'oma, ine ndinaona anthu akudya nyama paphwando, Komanda n'kulengeza kuti mbuzi ija aipha, wa satanic uja wamangidwa, zoipa sizipindula, tikauze anzathu za shopu yawo.

Amene muli ndi maso mwina mukanaseka, chifukwa zithunzi zinalipo. Bambo anga anali ndi makutu okha, ndipo m'makutumo munalowa Komanda yekhayekha.

Filimu itatha, bambo anati, "Zimitsa."

Ndinazimitsa.

"Mbuzi ija sinafe," anatero. "Kapena inafa?"

Ndinati ayi Ababa, sinafe, ndi womasulirayu wasokoneza. Anapukusa mutu. Anati bukulo ine sindinawerengepo, ndimangolimva kwa iwo. Anati anthu opanga filimu sangalakwitse buku limene ali nalo m'manja. "Ndiye kuti ndi mutuwu." Anavula jekete, anaipinda bwinobwino, anakagona osadya.

Lolemba ndinapempha kuchoka kuntchito 11 koloko, ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Mwini shopu atandiona anamwetulira n'kufunsa ngati madala anasangalala.

Ndinamukumbutsa zimene ndinapempha. Anati akukumbukira bwino, koma anaganiza kuti poti madala saona, ya Chichewa iwathandiza. Anati anandichitira chifundo, yomasulira imadula kuposa yosamasulira koma sanandiwonjezere mtengo. Ndimayenera kuthokoza kodi? Ndigwade?

Ndinati chabwino, ndiikireni ya Chingeleziyo tsopano. Anakanda mutu. Anati imeneyo anafufuta. Kompyuta inadzaza, ndipo filimu ikamasuliridwa yoyamba ija imakhala yopanda ntchito. Ananena zimenezi modekha ngati akundiuza mtengo wa tomato.

Ndinafunsa ngati Komanda ndi munthu weniweni. Anamuitana kuchokera kuchipinda chakumbuyo. Anatuluka bambo wamkulu ndithu, waimvi m'ndevu, atanyamula maiki yovekedwa sokisi. Anandipatsa moni waulemu kwambiri, manja awiri.

Ndinamufunsa chifukwa chake anadula zolankhula zonse.

"Amayi, anthu athu safuna zolankhula. Amafuna ndewu. Filimu imeneyi ndewu munalibe, ndinavutika nayo."

Ndinamufunsa ngati anamva zimene anthu a m'filimumo ankanena.

"Chingelezi chawo n'chothamanga. Ine ndimaona zithunzi, nkhani ndimaipanga ndekha. Ndi luso limenelo."

Ndinamufunsa kuti nanga mbuzi anaipheranji.

Apa anaongoka. Anati iye ndi mkulu wa kwaya kumpingo kwawo, ndipo filimu yodutsa m'manja mwake mfiti singapambanemo. Komanso mbuzi kulamulira dziko, ana akuphunzirapo chiyani? Ndiye anatenga phwando la m'gawo lachiwiri n'kuliika kumapeto kuti zioneke ngati aidya. Anati makasitomala amayamikira mathero amenewo. Ananena monyadira, akuyembekeza kuti inenso ndiyamikira.

Ndinamufotokozera za bambo anga. Zonse. Maso, kuiwala, jekete, kugona osadya. Anamvetsera atawerama. Kenako anati pepani, koma mwina madalawo aiwaladi, ukalamba ndi choncho.

Apa ndinakwiya. Sindibisa, ndinakwiya kwambiri. Munthu wasintha nkhani ndi manja ake, wavomera yekha pamaso panga, ndiye akuti woiwala ndi bambo anga? Ndinakuwa. Oitanira minibasi anabwera kudzasuzumira pakhomo. Mwini shopu anati ndisachite phokoso pa bizinesi, ndalama sabweza koma andiikira ulere filimu ya karate, yomasulira Komanda yemweyo, yabwino zedi.

Munthu wosaona, karate. Kuti azimva chiyani? Zibakera?

Ndinatuluka. Ndinayenda mashopu ena a mu Limbe, ndinapita m'tauni, ndinafunsanso ku Chichiri. Ena filimuyo saidziwa. Amene ali nayo, ukangoyatsa, "Eeeeeya! Mukumva Komanda!" Amagawana. Mbuzi ija yafa Blantyre yense. Bukulo ndinalifufuzanso kwa ogulitsa mabuku m'misewu, palibe. La bambo linasowa kalekale posamuka m'nyumba za njanji.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Kasitomala akanena kawiri chimene akufuna, ndani anakupatsani mphamvu yomusankhira china? Ngati mwasintha nkhani ya eni ake, n'chifukwa chiyani simunena pogulitsa? Yoyamba mumafufutiranji? Kumasulira sindikudana nako, azakhali anga amaonera zomasulira tsiku lililonse ndipo amaseka bwino. Koma kumasulira n'kwina, kupeka n'kwina. Womasulira wosamva chimene akumasulira, ameneyo timutche ndani?

Inu amene mukuwerenga, mukamakaikitsa filimu musachoke pa shopu musanaimve ndi makutu anu. Akati sipika yafa, tengani fulashi yanu muzipita. Ndipo ngati alipo amene ali ndi filimu imeneyi ya Chingelezi chake, kapena buku lenilenilo ngakhale long'ambika, chonde ndipezeni.

Kuyambira Loweruka lija bambo sanafotokozenso nkhani ija. Dzulo ndinayesa. Ndinati Ababa, tandiuzaninso za mfumu yosanduka mbuzi. Anati, "Kafunse a ku Limbe aja, ndi amene akuidziwa bwino." Sananene mwachipongwe. Ananena moona mtima.

Ine akundikana chifukwa ndine mwana wawo, akuti ndikungowatonthoza. Ndiye K2,000 ija idyeni, sindikuifuna. Karate yanunso khalani nayo. A Komanda, mawu anu bambo anga akuwadziwa, sangawasokoneze ndi a munthu wina. Minibasi ya ku Chigumula imanyamukira pakhomo panu pomwepo, thiransipoti ndilipira ine, kupita ndi kubwerera. Mubwere, mukhale pafupi nawo, muwauze ndi pakamwa panu kuti mbuzi ija munaipha ndinu, ndipo iwo sanaiwale kanthu.