Amtengatenga a Njira ya ku Chambe

"Bambo wamkulu woti munafika Folomu 4, mukuopa nkhungu? Ndiye mwanayu alephere mayeso chifukwa cha mantha anuwo?"

Anandikalipira chonchi ndi amake Tadala, mkazi wanga, oyandikana nawo nyumba akumva. Nkhani inali yakuti Tadala, mwana wathu amene akulowa Folomu 4 sukulu ikatsegulira, amapita ku maphunziro a patchuthi ku Chinakanaka, ndipo aphunzitsi awo a Histole ndi Jogalafe anakonza zoti mawa lake akwere nawo phiri mpaka ku Chambe, akaone ndi maso zigwa ndi mitsinje imene amangoijambula m'kalasi. Ine ndinati sapita. Ndinamenya tebulo, kapu n'kugwa. Kuti mtima wanga ndi wapachala aliyense kuno ku Likhubula akudziwa, koma tsiku limenelo sunali ukali wokha. Amake Tadala kwawo ndi ku Nkando, kuchidikha. A Mulepa sanawaonepo.

Ndikakumbukira a Mulepa, amene tinkayandikana nawo nyumba ndili mnyamata, ndimamva fungo la mkungudza. Linali m'malaya mwawo, m'zikhato zawo, ngakhale mu utsi umene unkatuluka padenga pawo m'mawa wa nyengo yozizira n'kumakwawa pansi mpaka pakhomo pathu, poti moto ankasonkhera tizidutswa ta matabwa. Anali bambo wamfupi wa khosi ngati chitsa, amene anakalambira pa ntchito yocheka matabwa ku Chambe ndi kutsika nawo pamutu, ndipo Chichewa chawo chinkatsamira ku Chilomwe. Ankakhala okha. Akazi awo anamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Zuze, anasowa m'phiri ine ndili wamng'ono. Anzake anangopeza thabwa lake litagona pakati pa njira. Anthu anasaka mpaka kutopa.

Pa tchuthi chimene ndinamaliza Folomu 3, aphunzitsi anatiuza kuti tiwerengeretu za maufumu akale: Amaravi, Mwenemutapa, malonda ndi Aluya a ku nyanja yamchere, komanso tizolowere kuwerenga mapu. Kwathu kunali phokoso la ana, choncho ndinkawerengera pakhonde pa a Mulepa, iwo akunola macheka ndi tupa. Ndinkawerenga mokweza, ndi mmene ndinazolowerera. Za mafumu sankasamala nazo. Nditawauza za nyumba zamiyala za ku Zimbabwe, anangoti, "Udzu kunalibe kumeneko?"

Koma tsiku lina ndinafika pa ndime ya amtengatenga, anthu amene ankayenda pamzere kuchokera kumtunda kuno atasenza minyanga ya njovu ndi makasu, kupita kunyanja kukasinthitsa ndi nsalu ndi mikanda. Tupa inasiya kulira.

"Bwerezani pamenepo, a sukulu."

Ndinabwereza.

"Makasuwo amawamanga m'mitolo ndi luzi, eti? Akamayenda amalira ngwe, ngwe."

"M'buku mulibe zimenezo."

"Mulibe, koma amalira. Ananyamuka liti anthu amenewa?"

"Kalekale, Azungu asanafike. Agogo a agogo anu asanabadwe."

"Nanga kunyanjako n'kutali bwanji?"

Ndinatsegula buku la mapu, ndinawalozera phiri lathu, kenako doko la Kilimane. Iwo anaika chala chawo chachikulu, chimene chinalibe chikhadabo, ndipo chinakwirira mtunda wonsewo.

"Pafupi chonchi? Nanga bwanji sakufika?"

Ndinaseka mpaka buku kugwa. Iwo sanaseke. Anandikumbutsa lamulo la m'phiri limene ngakhale mwana amalidziwa, lakuti wosenza ndiye mwini njira. Munthu wa thabwa amatsika chothamanga, sangaime, ndiye wopanda katundu amapatuka.

"Koma alipo ena olemedwa kuposa ife," anatero. "Amenewo ngakhale wa thabwa amawapatukira. Wosapatuka amam'senzetsa. Zuze anali ndi mtima ngati wanuwu, sankapatukira munthu."

Ine pakamwa panga palibe chitseko. Ndinawauza pamaso kuti Zuze anagwera kuphompho, basi, ndipo amtengatenga anga anaola kalekale. Iwo anangotola tupa yawo.

"Mizere yanu ya pamapuyo mwati ikathinana ndiye kuti mpotsetsereka? Mawa tiyeni mukaiwerenge ndi miyendo."

Tinanyamuka dzuwa likuwala bwinobwino, minda ya tiyi ikuoneka kumunsi ngati mphasa zobiriwira. Tinakumana ndi anyamata a matabwa akutsika, thukuta lili kamukamu, ndipo tinkawapatukira, a Mulepa akuwanyoza mwachibwana kuti asenza timapepala. Cha kumasana tinafika pamene njira imapanikizika, thanthwe mbali ino, phompho mbali inayo, kamtunda ka udzu pakati pokwanira kuimapo. Pamenepo chiperoni chinatipeza. Nkhungu inakwera kuchokera kuchigwa ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, inameza thanthwe, inameza mitengo, mpaka mapazi anga omwe ndinkawaona mwa apo ndi apo. Mbalame zinangoti zii. Ngakhale mtsinje umene unkasokosa njira yonse unamveka ngati autsekera m'nyumba.

A Mulepa anandigwira mkono n'kundikokera mu udzu wonyowa.

"Patukani. Maso pansi."

Ndinayesa kudzipulumutsa, koma dzanja la munthu wocheka matabwa si dzanja lolimbana nalo. Tinaima. Choyamba chinali fungo: thukuta la anthu ambiri, utsi wakale, ndi mafuta a nsatsi. Kenako mapazi, opanda nsapato, akuponda dothi lonyowa mmodzi pambuyo pa mnzake, osathamanga, osaima. Kenako mpweya, uja amapuma munthu amene katundu wamukanikiza khosi. Ndipo pakati pa zonsezo, ngwe, ngwe, ngwe.

Sindinaone munthu, sindinama. Ndinaona udzu wa m'mphepete mwa njira ukuwerama kuloza kum'mawa pamene mphepo panalibe. Koma nditaba diso kuyang'ana a Mulepa, ndinapeza iwo sakuyang'ana pansi. Maso awo anali pa msinkhu wa nkhope ya munthu, akuchoka apa kupita apo, ngati mmene amachitira wodikira m'bale wake anthu akamatsika basi. Mzerewo unali wautali, miyendo yanga inachita dzanzi. Cha kumapeto anapisa dzanja m'jekete, anatulutsa nkhata yatsopano yoluka ndi masamba ouma a nthochi, n'kuitambasulira mu nkhungu.

"Kwaya, mwanaka," ananong'ona. "Yakaleyo yatha."

Dzanja linabwerera lopanda kanthu. Nkhungu itayera ndinafunafuna mu udzu ndi m'njira monse, ndinasuzumira ngakhale kuphompho. Mwina inagubuduka. Ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zonsezi.

Tinatsika mpaka kufika pamtsinje. A Mulepa atasamba kumaso anati, "Zuze anapita wopanda nkhata. Chaka chilichonse ndimam'pititsira. Ndimati mwina buku lanulo linena tsiku lotula."

Funso la malonda akale linabweradi pamayeso, ndipo ndinakhoza. Za ngwe, ngwe sindinalembe. Chaka chotsatira, nyengo ya chiperoni, a Mulepa anakwera okha osabwerera. Ena anati anazizidwa, ena anati anaterereka, koma thupi silinapezeke. Ine ndimaganiza kuti anatopa kuonerera mwana akusenza yekha, ndiye tsiku limenelo sanapatuke. Kuchokera pamenepo sindinapondenso njira imeneyo.

Zonsezi amake Tadala sindinawauze, akanandiseka mpaka ku Nkando akanamva. Anatsekera chitseko kumaso kwanga. Tadala sanalire, anangoima pakhomo manja m'chiuno.

"Ababa, kaya mulola kaya simulola, ine mawa ndikwera."

Ndi pamene ndinaona vuto lenileni. Mwanayu nkhope anatengera amake, koma mtima ndi wanga. Pamsika sapatukira ngakhale wa njinga ya makala. Ndikanamutsekera m'nyumba akanatulukira pawindo, n'kukakwera popanda womugwira mkono.

Mawa lake ndinavala majombo ndi jekete, ndinakafika pachiyambi cha njira ana asanasonkhane. Aphunzitsi awo, mnyamata waulemu wa magalasi, anadabwa.

"Bambo a Tadala, nanunso muli pa ulendo?"

"Ndili patsogolo."

Ana anaseka, Tadala anabisa nkhope ndi manyazi. Tinakwera, aphunzitsi akuwalozera mmene mtsinje unadyera thanthwe, ine mawondo akulira. Titafika popanikizika paja, nkhungu inali itayamba kale kukwera kuchokera kuchigwa.

"Patukani nonse! Mu udzu! Maso pansi!"

"Koma bambo, kutsogoloku kulibe amene akubwera," anatero aphunzitsi.

"Ndati patukani!"

Mawu anga akakwera, ngakhale galu amakhala pansi. Onse anathithikana mu udzu, aphunzitsi omwe. Tadala yekha anatsala m'njira, akundiyang'ana ndi maso anga omwe. Ndinamugwira mkono n'kumukoka mwamphamvu mpaka anadzandira. Anzake ankaseka chapansipansi, wina akuyerekeza mawu anga. Kenako kusekako kunayamba kutha, mmodzimmodzi, popanda wowaletsa.

"Ababa," ananong'ona Tadala, zala zake zitalowa m'jekete langa, "akupumawo ndani?"

Ndinamuweramitsa mutu ndi dzanja langa, osamusiya. Ine ndinakweza maso, n'kuyamba kufunafuna bambo wamfupi cha kumapeto kwa mzere.